Chisanu cha ku Joni chidakanitsa galimoto yathu kulira

INU a malonda amene mumapita ku Joni kukaoda katundu m'miyezi ya June ndi July, tamverani zimene ndidaziona ndi maso angawa.

Lidali Lolemba pa 10 July 2023, tsiku limene mu Johannesburg mudagwa chipale chofewa choyera ngati ufa, zomwe zidali zisadachitikenso kuyambira 2012. Ine ndidaperekeza amalume pa kalole kawo ka dizilo, titapakira mabulangete ndi nsapato za amayi atatu a mumsika wa Limbe. Awiri mwa iwo ndalama yooderayo idali ya katapila, ndiye tsiku lililonse lochedwa chiwongoladzanja chimakwera.

Mmamawa amalume adapotokola kiyi. Galimoto idangoti ke-ke-ke basi. Adayesanso kanayi, zii! Apa nkuti zala zanga zitauma ngati chinangwa. Amalume adathamanga kukabwereka mbaula kuti aiike pansi pa injini.

"Achimwene, mukufuna kuotcha katundu wa eni ake?" adakuwa makaniko wina wa kwathu ku Mangochi amene amakhala kufupi ndi pomwe tidagona.

Mkuluyu asadagwire sipanala adayamba wamvetsera. Adati galimoto ikangoti ke-ke-ke, magetsi nkumazilala, vuto ndi batire kapena mitu yake. Koma sitata ikamazunguza injini mwamphamvu osagwira, pamenepo mukayikire mafuta, kapena mahita ngati ndi ya dizilo.

Chifukwa chake nchakuti kukazizira kufika pa 0, batire imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, pomwe oyilo amalimba ngati phala, ndiye injini imalemera kuizunguza. Batire yokalamba imene kwathu ku Blantyre imaliza bwinobwino, ku Joni imagonja.

Atatsegula boneti tidapeza mitu ya batire itachita zoyera ngati nkhungu. Adaitsuka ndi madzi ofunda osakaniza soda, nkuimanga zolimba. Kenaka adayeza ndi mita. Batire yodzadza imaonetsa mavoti 12.6, koma yathu idaonetsa 11.9. Amalume adavomera mwamanyazi kuti idatha zaka zinayi.

Tidapempha mnzathu wa galimoto ina kuti atijampe. Apa gwirani bwino, chifukwa ambiri amaononga pomwepa. Waya wofiira ayambe pa + wa batire yofookayo, mbali inayo pa + wa batire yabwino. Wakuda aikidwe pa - wa batire yabwino, mbali yotsalayo pa chitsulo cha injini ya galimoto yokanayo, kutali ndi batire, poti kamoto kakathethekera pafupi batire itha kuphulika. Ndipo batire imene yauma ndi chisanu kapena yatupa, musaijampe ayi.

Makaniko adauza amalume kuti azimitse wayilesi ndi magetsi onse, atsegule kiyi pang'ono nkudikira kagetsi ka mahita kazime, abwereze kawiri, aponde kilachi, ndiye alize. Adawaletsa kupitirira masekondi 10 akuzunguza, poti sitata imapsa. Ulendo wachiwiri kalole kadatsokomola utsi woyera, kenaka kadalira. Mita idakwera kufika pa 14, kusonyeza kuti alitaneta ikutchaja.

Asadatisiye adasuzumira mu rediyeta napukusa mutu. Mudali madzi a pampopi okhaokha. Madzi akaundana amafufuma, ndipo atha kung'amba rediyeta ngakhale injini imene. Adatigulitsa antifreeze nkusakaniza theka ndi theka. Adatiletsanso kuthira madzi owira pa galasi lachisanu, poti limasweka.

Tsiku lomwelo amalume adagula batire yatsopano, akudandaula kuti phindu lawo lapita. Komabe tidadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza popanda kukankha, ndipo amayi aja adalandira mabulangete awo nyengo yozizira isadathe. Tikadachedwa mpaka August, akadagula ndani bulangete?

Tsono amangwetu, musadanyamuke ulendo wa ku Joni nthawi yachisanu, kayezetseni batire ndi mahita, thirani antifreeze, ndipo majampa asasowe kuseri kwa mpando. Inu amene mumangokweza katundu pa galimoto ya wina, mufunseni dalaivala zaka za batire yake. Akakwiya akwiye, katunduyo ngwanu. Paja safunsa adadya phula.