Imelo ija sidasowe, yangobisala

Kalata yokuitanani ku intavyu, risiti ya fizi, mgwirizano wa ntchito, tikiti ya ndege: zonsezi masiku ano zikubwera pa imelo. Vuto limadza tsiku limene mukuifuna mwachangu. Mwatsegula Inbox, mwatsika mpaka chala kuwawa, koma imelo ija zii. Apa ambiri amangoti basi, yafufutika.

Dekhani kaye. Nthawi zambiri imakhala ilipo.

Pa Gmail ya pafoni, mukakokera uthenga kumbali ndi chala, kaya mwadala kaya mwangozi, umapita ku Archive pokhapokha ngati mudasintha makonzedwe ake. Archive si dzala ayi. Uthengawo umangochoka mu Inbox n'kukakhala mu All Mail, ndipo umakhala momwemo mpaka mutaufufuta nokha. Wina akauyankha, umabwereranso mu Inbox.

Google idakhazikitsa Gmail pa 1 April 2004 ndi maganizo akuti munthu asamavutike kusanja makalata, azingowafufuza. Koma kufufuzako kuli ndi chiyankhulo chake. Mukangolemba mawu amodzi ngati "fees" m'kabokosi kofufuzira kaja, akubweretserani mulu wa mauthenga, ofunika ndi achabechabe omwe. Safunsa adadya phula, komanso wofunsa mosalongosoka amalandira yankho losalongosoka.

Yambani ndi amene adatumiza. Lembani from: kenaka dzina kapena adiresi yake, osasiya mpata pakati. Ngakhale mutaiwala dzina la munthuyo, mbali yakumapeto ya adiresi ndi yokwanira. Mwachitsanzo, from:unima.ac.mw ikupatsani mauthenga ochokera kuma adiresi a University of Malawi okhaokha. Ngati mudatumiza ndinu, gwiritsani ntchito to: m'malo mwake.

Mukukumbukira mawu a pamutu pa kalatayo? Lembani subject:interview. Idabwera ndi chikalata chomatidwa? Onjezani has:attachment, kapena filename:pdf ngati mukudziwa mtundu wake. Mawu awiri kapena atatu amene mukufuna apezeke motsatana ndendende, atsekereni chonchi: "offer letter".

Nthawi nayo imathandiza kwambiri. Pali after: ndi before:, koma apa m'pamene ambiri amapunthwa. Ife tidazolowera kuyamba ndi tsiku kenaka mwezi, pomwe Gmail ikaona 03/04/2023 imawerenga mwa Chimereka, kuti ndi 4 March osati 3 April. Njira yosasokoneza n'kuyamba ndi chaka: after:2023/04/03. Ngati tsiku lenileni lakuthawani, older_than:1y ikubweretserani zimene zapitirira chaka chimodzi.

Kukoma kwake n'kwakuti zonsezi mutha kuzilumikiza pamzere umodzi, mongosiya mpata pakati pake:

from:unima.ac.mw filename:pdf after:2023/01/01 before:2024/01/01

Mzere umenewu ukutanthauza makalata a PDF ochokera ku yunivesiteyi m'chaka cha 2023 basi. Mauthenga mazanamazana aja amatsala ochepa oti mungawawerenge ndi zala.

Chizindikiro chochotsera chija cha masamu chimagwiranso ntchito yomweyo kuno. Mukaonjeza -in:inbox ndiye kuti mwauza Gmail isakuonetseni zimene zili kale mu Inbox, ikubweretsereni zobisala zija.

Nanga zikakanikabe? Dziwani kuti kufufuza wamba sikulowa mu Spam ndi mu Trash. Kuti ifufuze ponseponse, yambani ndi in:anywhere. Koma musachedwe, chifukwa uthenga ukatha masiku 30 m'malo awiriwa umafufutika wokha. Kalata ya ntchito yochokera ku kampani imene simudalemberanepo nayo ikhoza kugwera mu Spam, inu muli phee kudikira, tsiku la intavyu n'kudutsa.

Pali zina ziwiri zoti musamale nazo. Akaunti yaulere ili ndi malo a 15GB amene Gmail imagawana ndi Google Drive komanso Google Photos. Akadzaza, maimelo atsopano salowanso. Lembani larger:10M kuti muone mauthenga olemera amene akudya malowo, mufufute osafunika. Chachiwiri, kuyambira December 2023, Google ili ndi ufulu wofufuta akaunti imene yatha zaka 2 osagwiritsidwa ntchito. Ngati masatifiketi anu ali mu imelo yakale ija mudatsegula muli ku sekondale, ilowenimoni lero.

Ndipo musadikire tsiku la mavuto kuti muphunzire zimenezi. Yeserani pano mtima uli m'malo, ndipo kalata yofunika mukaipeza, ipatseni nyenyezi. Mawa kungolemba is:starred, iyo mbwee poyera.