Kuphunzitsa Mawu a Ntchito ya Ulonda ndi Chitetezo

Chiyambi

Mwina m'kalasi mwanu muli mwana amene bambo ake amachezera usiku wonse kulondera sitolo ya eni. Mwinanso mumaphunzitsa akuluakulu madzulo, ndipo ena akatuluka m'kalasi amapita kukavala yunifolomu ya ulonda. Choncho mawu a ntchito imeneyi si achilendo kwa ophunzira anu. Chimene chimavuta ndi kuwasiyanitsa. M'gawo lino muona kuti mawuwa amamveka bwino akaphunzitsidwa motsatira ndondomeko ya ntchitoyo, osati ngati mndandanda woloweza pamtima. Pachipata, liwu limodzi lolakwika likhoza kunyoza mlendo kapena kupweteketsa munthu wosalakwa.

Aneni oyandikana matanthauzo

Yambani ndi aneni awa: kulondera, kuteteza, kutchinjiriza, kuyang'anira ndi kusunga. Kulondera ndi kukhala maso pamalo kwa nthawi yoikika, makamaka usiku. Kuteteza n'kotambalala, chifukwa katemera amateteza mwana, ndipo loya amateteza munthu kukhoti. Kutchinjiriza ndi kuima pakati pa chinthu ndi choopsa, monga umachitira mpanda. Kuyang'anira kumasonyeza udindo, monga wa kapitawo pa alonda anzake. Kusunga kumakhudza chimene wapatsidwa m'manja, monga makiyi.

Lembani pa bolodi kuti, "Mpanda umalondera sukulu," ndipo funsani ophunzira chimene chalakwika. Akayankha kuti mpanda ulibe maso, ndiye kuti agwira tanthauzo la kulondera popanda inu kuwauza. Kenako aonetseni mmene mawuwa amaberekerana: mlonda, alonda, ulonda, kuteteza, mtetezi, chitetezo. Mungathenso kubwereza misintho ya aneni ndi mawu ngati kutetezedwa ndi kutetezana.

Mawu akawoloka malire

Musaganize kuti liwu la kwanu ndilo la aliyense. Ku Malawi wolondera ndi mlonda, ndipo malonda ndi kugula ndi kugulitsa. Koma m'matauni a ku Zambia munthu wolondera amatchedwa malonda, ngakhale ali mmodzi. Wa ku Lusaka akati, "Tilibe malonda," wa ku Lilongwe akhoza kumva kuti bizinesi sikuyenda. Ku Mozambique mudzamva liwu lachipwitikizi lakuti guarda.

Chiphaso chimene mlonda amafunsa chilinso ndi mayina osiyana. Ku Malawi ndi chiphaso cha unzika, chimene kalembera wake wa dziko lonse anachitika mu 2017. Ku Zambia amati NRC, ku Mozambique BI, pamene ku Zimbabwe amati chitupa. Musatchule liwu la wophunzira kuti ndi lolakwika. Lilembeni pambali pa linzake, ndipo munene kumene lililonse limagwira ntchito.

Tsatirani ndondomeko ya ntchito

Mlonda akafika pa ntchito, amalandira zipangizo kwa mnzake amene akuweruka: tochi, wenzulo, chibonga ndi makiyi. Apa pali mawu monga kusiyirana ntchito, kuwerenga katundu ndi kusayina. Kenako amazungulira malo kuti aone ngati maloko, mawindo ndi mpanda zili bwino.

Pachipata ndi pamene ulemu umayesedwa. Yerekezani ziganizo ziwiri izi: "Tsegula chikwama!" ndi "Pepani mayi, tingaone nawo m'chikwamamo? Ndi lamulo la pano." Zonse zikufuna chinthu chimodzi, koma choyamba chikuchititsa mayiyo kuoneka ngati wakuba. Thandizani ophunzira kuona zimene zasintha: kupepesa, kutchula munthuyo mwaulemu, kufunsa m'malo molamula, ndi kupereka chifukwa. Mawu obwereka monga geti, kusecha ndi chipikisheni musawathamangitse, chifukwa ndi amene amamveka pa ntchito. Aphunzitseni pamodzi ndi chipata ndi kufufuza.

Zochitika zonse zimalembedwa m'buku lotchedwa Occurrence Book, limene ambiri amangoti OB. Bukuli limafuna nthawi, malo ndi zimene maso aona, osati maganizo a wolemba. "Nthawi ya 2:15 usiku ndinaona amuna awiri ataima kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu" ndi lipoti. "Kunabwera mbava" ndi chigamulo.

Mawu amene angapulumutse moyo

Pa mfundo iyi musafulumire. Woganiziridwa si wakuba. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limanena kuti munthu woimbidwa mlandu amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndipo mfundo yomweyi ili m'malamulo a mayiko oyandikana nawo. Siyanitsaninso kugwira munthu, kumupereka kupolisi, kumutsekera m'chitolokosi, kumuzenga mlandu ndi kumulanga. Mlonda akagwira munthu, ntchito yake ndi kumupereka kupolisi mosachedwa. Kuzenga mlandu ndi kupereka chilango ndi za khoti.

Tonse tikudziwa chimene chimachitika pamsika munthu akakuwa kuti, "Wakuba!" Khamu silifunsa umboni, ndipo anthu ena aphedwa chifukwa cha mfuwu umenewu. Wophunzira amene wazolowera kunena kuti "akumuganizira kuti waba" m'malo mwa "waba" waphunzira galamala, komanso waphunzira kusaweruza msanga.

Ntchito yoti muchite

1. Chezani ndi mlonda wa pa sukulu yanu kapena wa pafupi, mutamupempha chilolezo. Lembani mawu 15 amene amagwiritsa ntchito, ndipo muwagawe m'magulu atatu: zipangizo, zochita ndi anthu.

2. Konzani sewero lalifupi la mlonda ndi kholo limene laiwala chiphaso. Ophunzira oonera alembe mawu aulemu amene amva.

3. Uzani ophunzira alembe ziganizo zitatu za mu OB zokhudza sewerolo. Akatha, asinthane makope ndi kudula mzere kunsi kwa liwu lililonse loweruza.

Bweretsani mndandanda wanu wa mawu pa mkumano wotsatira kuti muuyerekeze ndi ya aphunzitsi anzanu a mayiko ena.