Musanakwere njinga yamoto ku Vietnam

Okonda njinga zamoto ambiri amalakalaka kuyenda kuchokera ku Hanoi mpaka ku Ho Chi Minh City, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700. Ndikamva munthu akukonzekera ulendowu, funso langa loyamba limakhala la chiphaso choyendetsera. Dziko la Vietnam limavomereza chiphaso chapadziko lonse cha pangano la ku Vienna la 1968, osati cha ku Geneva cha 1949. Mukachita ngozi mulibe chiphaso chovomerezeka, makampani ambiri a inshuwalansi amakana kulipira, ndipo ndalama zakuchipatala zimagwera inuyo ndi abale anu. Zimenezi zimandiwawa kwambiri chifukwa n'zopeweka munthu asananyamuke n'komwe.

Kumeneko amayenda mbali yakumanja. Kwa ife ozolowera kumanzere, ngozi imabisala pamphambano ndiponso m'mawa pochoka kogona, pamene manja amakhota mutu usanaganize.

Msewu waukulu wa nambala 1 umadzaza malole ndi mabasi othamanga. Ine ndingasankhe msewu wa Ho Chi Minh wodutsa m'mapiri, ngakhale zipatala ndi malo omwetsera mafuta n'zotalikirana. Chigawo chapakati musachidutse kuyambira Seputembala mpaka Novembala, nyengo ya anamondwe ndi madzi osefukira.