Wilo ilipo, koma banki yakana: njira yake ndi ya kukhoti

Patatha sabata titaika achimwene m'manda, alamu anatenga wilo n'kupita nayo kubanki ku Ngong. Ankafuna ndalama za fizi ya ana. Anabwerako chimanjamanja. Kumudzi nako foni sinkapuma: "Nanga puloti ija mugulitsa liti?"

Apa m'pamene tinaphunzira kuti wilo payokha sitsegula akaunti. Ku Kenya chuma cha masiye chimayendera lamulo la Law of Succession Act, ndipo munthu amene watchulidwa mu wilo kuti ayendetse chumacho amayenera kukapempha kukhoti chikalata chotchedwa grant of probate.

Khoti lake liti? Ngong ili m'dera la Kajiado, ngakhale yagundana ndi Nairobi. Ngati chuma sichikupitirira mashilingi 20 miliyoni, khoti la majisitireti la ku Ngong komweko likhoza kumva nkhaniyo. Chikaposa pamenepo, ndiye kuti ndi High Court.

Tengani wilo yeniyeniyo, osati fotokope, setifiketi ya imfa, mndandanda wa katundu ndi ngongole, komanso maina a ana ndi ena onse odalira malemuwo. Wilo yolemba imafunika mboni ziwiri. Yapakamwa nayo imavomerezeka, bola panali mboni ziwiri ndipo mwiniwake wamwalira pasanathe miyezi itatu.

Kenaka pempholo limalengezedwa mu Kenya Gazette, ndipo aliyense wotsutsa amapatsidwa masiku 30. Chikalata chikatuluka, musathamangire kugawana. Pamadutsa miyezi 6 kuti mubwererenso kukhoti likatsimikize chikalatacho, ndipo apo m'pamene puloti ingagulitsidwe kapena kusinthidwa dzina. Kugwiragwira chuma cha malemu popanda chilolezo ndi mlandu. Kwathunso lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu wa amasiye.

China choti musaiwale: malo amaweruzidwa ndi malamulo a dziko limene malowo ali. Nyumba ya ku Area 25 singasinthidwe dzina ndi pepala la ku Ngong lokha. Ku Lilongwe nako muyenera kukaonekera kukhoti.

Alamu anadikira pafupifupi chaka, fizi tikusonkherana pachibale. Ovuta sanali akhoti ayi, koma abale amene ankaganiza kuti mayiyo wabisa ndalama. Tikanawafotokozera ndondomekoyi pamaliro pomwepo, mawu ena opweteka sakanalankhulidwa.

Inu amene muli moyo, lembani wilo, ndipo muuzeko munthu mmodzi pamene mwaisunga.