Agogo Akasamukira ku Lusaka

Mabanja ambiri mu Kanyama, Matero ndi Chawama amakatenga makolo okalamba kumudzi, ku Petauke kapena ku Katete, kuti adzakhale pafupi ndi cipatala ca UTH. Colinga ncabwino, koma kusamukako kungawadwalitse.

Mu 1992 bungwe la anamwino ku America lochedwa NANDA linaika vutoli pa mndandanda wa mavuto amene namwino ayenera kuzindikira. Zizindikiro zake ndi kusowa tulo, kukana nsima, kuonda, kungokhala duu pakhomo ndi kusokonezeka maganizo. Anamwino atafufuza ngati zimenezi zimacitikadi, anapeza kuti si onse amadwala. Okalamba amene anafunsidwa asanasamutsidwe, napeza anzao ndi cocita kumalo atsopano, amazolowera msanga.

Conco yambani mwakambirana nao. Abwere ndi mphasa yao ndi mankhwala ao. Apatseni kadimba ka repu kapena nshawa zosenda. Aperekezeni ku chalichi akapeze anzao.

Akasokonezeka mwadzidzidzi, musanene kuti ndi ukalamba cabe kapena ufiti. Mwina ndi malungo, shuga kapena matenda a m'cikhodzodzo. Pitani nao ku kiliniki tsiku lomwelo.