Mutu 6: Kodi Sayansi Ingafotokoze Chikondi ndi Chikhulupiriro?

Pali anthu awiri amene amasokoneza nkhaniyi, ndipo onse amalankhula mosakayika. Woyamba ndi wophunzira amene wangolawa kumene sayansi, nayamba kuuza anzake kuti chikondi ndi timadzi ta m'thupi basi, ndipo pemphero ndi ubongo umene ukudzilankhulira wokha. Wachiwiri ndi mlaliki amene amati sayansi ndi kudzikuza, wokhulupirira weniweni safunsa mafunso. Awiriwa amaoneka ngati adani, koma cholakwa chawo n'chimodzi: onse akuganiza kuti chinthu chikafotokozedwa ndiye kuti chatha mphamvu. M'mutu uno tiona zinthu zitatu motsatana, zimene sayansi yapeza pa chikondi, zimene yapeza pa chikhulupiriro, ndi pamene nzeru za munthu zimalekezera. Tiyambire ku Livingstone, tauni ya kum'mwera kwa Zambia, chifukwa malo amenewa anakumanitsa maganizo awiriwa tauniyo isanamangidwe n'komwe.

Makilomita pafupifupi 10 kuchokera m'tauni, Zambezi amadzikhuthula m'phompho lakuya mamita oposa 100, ndipo mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi otambalala mamita oposa 1,700. Madzi akachuluka cha mu April, nthunzi yake imaoneka munthu ali kutali, ndipo m'nthunzimo mumaima utawaleza, masana ngakhalenso usiku mwezi ukakhala wathunthu. David Livingstone, amene anafika pamalopa mu November 1855, analemba kuti mafumu a kumeneko ankapemphera ndi kuthira nsembe kwa mizimu pamalo pomwe mkokomo wa madzi umamveka ndipo utawaleza umaoneka. Aleya a kwa Mfumu Mukuni mpaka lero ali ndi Bedyango, mayi wotsogolera miyambo yopempha mvula, ndiponso mwambo wa Lwiindi. Nanga sayansi imati chiyani za utawalezawo? Imati kuwala kwa dzuwa kumalowa m'kadontho ka madzi, kumapindika, kumagunda mkati mwa kadonthoko n'kubwerera, ndipo potuluka kumakhala kutagawikana mitundu. René Descartes anawerengera mu 1637 kuti kuwalako kumafika m'diso pa madigiri pafupifupi 42, ndipo Isaac Newton anaonetsa kuti mitunduyo imakhalamo kale m'kuwala koyera. N'chifukwa chake utawaleza umaoneka dzuwa likakhala kumbuyo kwako. Zonsezi n'zoona. Koma funso loti malowo ngopatulika kapena ayi Descartes sanalikhudze. Iye anayankha funso lina, loti utawalezawo umabwera motani. Munthu angathe kudziwa madigiri 42 aja bwinobwino n'kugwada pamphepete pa phompho, wina angathe kuwadziwa osagwada. Masamuwo sakakamiza aliyense mwa awiriwa.

Pa chikondi sayansi yapeza zambiri, ndipo kuzinyoza ndi umbuli. M'munsi mwa ubongo mumachokera timadzi totchedwa oxytocin. Henry Dale anaona mu 1906 kuti timadzi ta pamenepo timachititsa chiberekero kukhwinyata, ndipo Vincent du Vigneaud anatipanga m'labotale mu 1953. Lero mzamba aliyense amatidziwa: mwana akangobadwa, amabaya mayi jakisoni wa oxytocin pantchafu kuti chiberekero chilimbe, magazi asatayike ambiri. Timadzi tomweti ndi timene timatsitsa mkaka mwana akagwira bere. Ku America kuli mbewa zotchedwa prairie vole zimene yaimuna ndi yaikazi zikakwatirana zimakhalira limodzi n'kulerera ana pamodzi, pomwe mbewa zina zofanana nazo za kumapiri sizitero, ndipo ofufuza anapeza kuti kusiyanako kukugwirizana ndi mmene ubongo wa mbewazo umalandirira oxytocin ndi vasopressin. Mu 2005 Arthur Aron, Helen Fisher ndi anzawo anajambula ubongo wa anthu 17 amene chikondi chinali chitangowagwira kumene. Akawaonetsa chithunzi cha wokondedwa, mbali za ubongo zoyendera dopamine, timadzi ta chikhumbo, zinkagwira ntchito mwamphamvu. Komabe amene amathamangira kunena kuti oxytocin ndiye chikondi adekhe kaye. Mu 2023 ofufuza a ku California anasintha majini a mbewa zija kuti matupi awo asamve oxytocin, koma zinapitirizabe kukhala ziwiriziwiri ndi kulera ana. Kafukufuku wina wa ku Netherlands anasonyeza kuti timadzi tomweti tingathe kukuza mtima wokondera a mtundu wako poyerekeza ndi alendo. Choncho wophunzira uja walakwitsa ngakhale sayansi yomwe akuinyadirayo.

Koma tiyerekeze kuti tsiku lina zonse zadziwika, mtsempha uliwonse ndi kadontho kalikonse. Kodi pamenepo chikondi chidzakhala chabodza? Apa ndi pamene pagona mfundo ya mutu wonsewu, ndipo ndiitambasula ndithu chifukwa ndiyo imene ambiri amaiphonya. Kudziwa mmene ganizo limabadwira m'mutu sikutiuza ngati ganizolo n'loona kapena n'labwino. Mwana wasukulu akamawerengera kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56, ubongo wake umagwiranso ntchito, magazi amathamangira mbali zina, ndipo makina angathe kujambula zimenezo. Palibe mphunzitsi amene angachonge yankholo poyang'ana chithunzi cha ubongo, amayang'ana masamuwo. Munthu amene amati chikondi n'chinyengo chifukwa chimachitikira mu ubongo wadzitsutsa yekha, pakuti sayansi yakeyo imachitikira mu ubongo womwewo. Taonaninso nkhani ya buku la tsiku ndi tsiku limene Livingstone analemba mu 1871 ali ku Nyangwe, m'dziko limene lero ndi Congo. Mapepala ndi inki zitamuthera, analemba pamwamba pa nyuzipepala yakale ya The Standard ndi inki yopangidwa kuchokera ku njere za chomera cha kumeneko. Inkiyo inafufutika, ndipo kwa zaka zoposa 100 zolembazo sizinkawerengeka bwino. Mu 2011 akatswiri anazitulutsa atazijambula ndi kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana kumene kunalekanitsa zilembo zake ndi za nyuzipepala. Popanda sayansi mawuwo akanatayika. Koma makinawo atamaliza ntchito panafunikabe munthu woti awerenge, amve kuti wolembayo akusimba za anthu mazanamazana, ambiri a iwo amayi, amene anaphedwa pamsika ndi ochita malonda a ukapolo, ndipo aweruze kuti chimenecho chinali choipa. Kuipa kwa kupha kuja kunalibe mtundu woti kamera n'kuujambula, komabe palibe munthu wanzeru zake amene angati kunali kongoganizira.

N'chimodzimodzi ndi Susi ndi Chuma, amene ankayenda ndi Livingstone pa maulendo ake. Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu May 1873, iwo ndi anzawo anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo wa mpundu, anaumitsa thupi ndi mchere ndi dzuwa, nalinyamula ulendo wa makilomita oposa 1,500 mpaka ku Bagamoyo, miyezi pafupifupi 9. William Hamilton anafotokoza mu 1964 chifukwa chimene zamoyo zimadziperekera chifukwa cha abale ake: m'bale ali ndi gawo la majini ako. Awatu sanali abale ake a Livingstone. Chuma anali Myao amene anamasulidwa kwa ogwira akapolo mu 1861. Wina anganene kuti ankayembekeza mphoto, kapena ankaopa kuti angawaganizire zoipa, kapena kuti mwambo wobwezera maliro kwawo unali wozika mizu mwa iwo. Mwina zonsezi zinalipo, ndipo n'koyenera kuzifufuza. Koma mukamaliza kundandalika zifukwazo, funso loti kodi anachita chinthu cholemekezeka likadali pomwepo, ndipo silingayankhidwe ndi sikelo.

Pa chikhulupiriro makina apeza zofanana, ndipo sitichedwapo. Andrew Newberg anajambula ubongo wa masisitere ndi wa Abuda akusinkhasinkha, naona kuti mbali imene imathandiza munthu kudziwa pamene thupi lake lalekezera imachepetsa ntchito. Wokhulupirira amati Mulungu analenga ubongo woti uzimumva, wosakhulupirira amati ubongo ndiwo umapanga zonsezo, ndipo chithunzicho chimalola onse awiri.

Tsono wina asaganize kuti ndikumangira chikhulupiriro mpanda woti nzeru zisalowemo. Ayi. Chikhulupiriro chikangonena chinthu choti chingathe kuwerengedwa kapena kuyezedwa, chadzibweretsa chokha pabwalo la sayansi. Livingstone yemweyo, m'buku lake la 1857, anasimba mkangano wake ndi sing'anga wa mvula wa Abakwena ku Kolobeng, m'nthawi ya chilala. Sing'angayo sanali wopusa. Anati nayenso dokotala amapereka mankhwala, wodwala nthawi zina amachira ndipo nthawi zina amafa, koma dokotalayo sataya mankhwala ake. Nanga iye atayirenji ake mvula ikakana? Yankho limeneli n'lolemera, ndipo kukalipa sikungaligonjetse. Chimene chingaligonjetse ndi funso limene Livingstone anafunsa, loti kodi angathe kugwetsa mvula pamalo amodzi osagwetsa pena. Pamenepo ndiye pali njira yonse ya sayansi: magulu awiri, lina lolandira mankhwala lina ayi, kenako n'kuwerenga. Njira imeneyi sikondera Mzungu. Mapiritsi a malungo a Livingstone anali ndi kwinini, amene anapirira kuyesedwa, koma analinso ndi calomel, mankhwala a mekyule amene madokotala anawasiya kalekale. Mkazi wake Mary anafa ndi malungo ku Shupanga mu 1862, zaka 35 Ronald Ross asanaonetse mu 1897 kuti tizilombo ta malungo timakhala mu udzudzu. M'manda a ku Old Drift, mudzi wakale wa m'mbali mwa Zambezi, mwadzaza anthu amene anafa ndi malungo, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene tauni ya Livingstone inamangidwira pamtunda mu 1905. Pemphero nalo linayesedwa mwa njira yomweyi. Mu 2006 Herbert Benson ndi anzake anatulutsa zotsatira za odwala 1,802 ochitidwa opaleshoni ya mtima, ndipo amene anapemphereredwa ndi anthu akutali sanachire bwino kuposa anzawo. Zimenezi sizikutsimikiza kuti kulibe Mulungu. Zikutsimikiza kuti pemphero siligwira ntchito ngati piritsi, ndipo amene amaligulitsa ngati piritsi akunamiza anthu.

Tauni ya Livingstone inaperekanso umboni wina. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kunakhazikitsidwa Rhodes-Livingstone Institute, bungwe lofufuza za chikhalidwe cha anthu, limene linatsogoleredwapo ndi Max Gluckman ndi Elizabeth Colson. Patapita zaka zingapo bungweli litakhazikitsidwa, Max Marwick anakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia, ndipo m'buku lake la 1965 anaonetsa kuti kulozana ufiti kumachitika kwambiri pakati pa anthu a mbumba imodzi, pomwe pali mikangano ya chuma cha masiye ndi maudindo. Wina angafunse kuti, ngati gwero la ganizo siliweruza ganizolo, bwanji pano ndikuti likuweruza? Kusiyana kulipo. Munthu akati gogo uyu ndiye wapha mwana, wanena chinthu chofunika umboni, ndipo umboniwo ukasowa, kenako n'kupezeka kuti chala chimaloza nthawi zambiri amene tinayambana naye kale, ndiye kuti tapeza chifukwa chenicheni cha kulozako. Nzeru zili ndi ufulu wonse wofunsa chikhulupiriro chilichonse ngati chikudzitsutsa, ngati chikunena zoyezeka, ndiponso ngati chikuvulaza anthu osalakwa. Chimene nzeru sizingathe ndi kutulutsa m'labotale yankho la mafunso onga akuti bwanji kuli chinthu m'malo moti kukhale kopanda kanthu, kapena bwanji ndiyenera kusamala mkazi wanga wodwala pamene kumusiya kungandipeputsire moyo. Ena amati sayansi ikakula idzayankha. Sindikuona njira yake, chifukwa vuto si kuchepa kwa makina. David Hume anaona kale m'zaka za m'ma 1700 kuti kudziwa mmene zinthu zilili sikubala pakokha lamulo la mmene ziyenera kukhalira.

Kusokoneza mafunso awiriwa kumapweteka anthu enieni, makamaka m'dziko ngati Zambia, limene Frederick Chiluba analilengeza kuti ndi lachikhristu mu December 1991, kumene mawu a m'busa amalemera kwambiri m'banja. Mayi amene amathira kondaine m'ndiwo za mwamuna wake wagwa m'cholakwa chomwe cha wophunzira uja, choganiza kuti chikondi ndi mankhwala, ndipo zina zimene amathirazo zingathe kuwononga chiwindi ndi impso. Choopsa koposa ndi cha ma ARV. Munthu akamamwa mankhwalawa mokhulupirika, kachilombo ka HIV kamachepa m'magazi mpaka makina oyezera kuchuluka kwake osakaona. Ena amatenga chikalata cha kuchipatalacho n'kupita nacho kutchalitchi kukachitira umboni kuti achiritsidwa, kenako n'kutaya botolo. Kachilomboko kamakhala kanabisala m'maselo, ndipo mankhwala akasiyidwa kamabwerera m'magazi pakangopita masabata ochepa, nthawi zina katasanduka kosamva mankhwala oyamba aja. Ngati muli ndi m'bale amene wauzidwa kuti kumwa mankhwala ndi kusowa chikhulupiriro, musamutsutse za Mulungu wake. Pempherani naye ngati mumapemphera, ndipo m'mawa mwake mumuperekeze kuchipatala akatenge botolo lina.