Kufufuta anthu pachithunzi kumathandiza malonda, koma kuli ndi malire

Amene amagulitsa zithunzi ndi makadi kwa alendo ku Cape Maclear kapena ku Senga Bay amalidziwa vutoli. Malo ndi okongola, koma ukati ujambule, wina akusambira, wina akuchapa, wina wangoima n'kumayang'ana kamera. Mlendo amafuna nyanja ndi chilumba cha Thumbi, osati msana wa munthu wosamudziwa.

Masiku ano foni yam'manja imatha kuchotsa anthuwo. Pulogalamu ya Snapseed ndi yaulere, ndipo mukaiika mufoni sifunanso bandulo kuti igwire ntchito. Tsegulani chithunzi, sankhani Healing, chikulitseni ndi zala ziwiri, kenako khudzani munthuyo pang'onopang'ono. Pulogalamuyi imatenga zomwe zili m'mbali mwake n'kuphimba pamene iye anali. N'chifukwa chake imachita bwino pamchenga, pamadzi ndi pamitambo, koma pamiyala kapena pabwato imasiya zipsera.

Mu Google Photos muli Magic Eraser, yomwe inayamba mu 2021 pa foni za Pixel 6, ndipo kuyambira 2024 imapezekanso kwaulere m'mafoni ena amphamvu. Mafoni ena a Samsung ali ndi Object Eraser.

Ambiri amagwidwa ndi mthunzi. Munthu wachoka, koma mthunzi wake watsala pamchenga, ndipo wogula amaona msanga kuti pachitika zachinyengo. Fufutani zonse ziwiri.

Akatswiri amaimika kamera pamalo amodzi n'kujambula zithunzi 10 kapena 15 motsatizana. Pakompyuta, Photoshop imaziphatikiza kudzera pa Median: chilichonse choyenda chimasowa, chokhazikika chimatsala. Koma njira yotchipa kuposa zonse ndi kujambula mkati mwa sabata, osati Loweruka kapena pa Khirisimasi.

Sungani chithunzi choyambirira musanachikhudze. Potumiza kwa wosindikiza pa WhatsApp, sankhani Document, chifukwa kutumiza mwachizolowezi kumachepetsa kukula ndi kuoneka bwino kwake.

Nanga malire ali pati? Khadi lokongoletsa khoma ndi lina, chithunzi chotsatsira malonda ndi china. Ngati muli ndi malo ogona alendo m'mudzi wa Chembe, n'kufufuta asodzi, maukonde ndi matandala a usipa kuti gombe lioneke lopanda anthu, mlendo akadzafika adzaona kuti mwamunamiza. Adzafuna ndalama zake, ndipo zomwe adzalembe pa intaneti zidzathamangitsa ena. Chimodzimodzi wogulitsa ziboliboli kapena kaunjika pa Facebook: chotsani odutsa kumbuyo, koma mng'alu wa chiboliboli kapena banga la pamalaya lisiyeni lioneke.

Komanso si munthu aliyense amene amawononga chithunzi. Msodzi ali m'bwato dzuwa likulowa ndiye amakopa wogula. Ameneyo musamufufute. Mupempheni chilolezo, ndipo mugwirizane zoti naye apezepo kangachepe.